Yezani Musanaloze Chala

Chinthu chogula kusitolo chikafa, mtima susowa kolowera. Timadandaula za wogulitsa, timanyoza dziko lomwe chidachokera, timati katundu wa masiku ano ndi wosalimba. Koma chinthu chomwe munthu walumikiza yekha, waya ndi waya, usiku ndi usiku, chikakana kulira pa tsiku loyamba kuchiyatsa, palibe sitolo yokachibweza. Chilibenso dzulo lake. Wailesi yomwe imayankhula sabata yatha n'kukhala chete lero imampatsa mmisiri poyambira, pakuti china chake chasintha, ndipo ntchito yake ndi kupeza chomwe chasinthacho. Ampu ya gitala yopanga wekha siidalirepo chiipangire. Kaya palakwika pamodzi kaya patatu, kaya chafa ndi chipangizo kaya lidaphonya ndi dzanja, zonsezo n'zotheka nthawi imodzi. Apa ndi pomwe khalidwe la munthu pa mavuto limaonekera poyera: kodi amafunsa, kapena amangoloza chala?

Pa Mkanda, kumpoto kwa boma la Mchinji, komwe malire a Zambia ali pafupi moti makwacha a mayiko awiri amadziwana, zokuzira mawu sizisowa ntchito. Mtedza ndi soya zikalowa m'matumba, ndalama ikayamba kuoneka, maukwati amachuluka, makwaya amakonzekera misonkhano, ndipo masipika amatuluka m'nyumba kukaima pamakonde a magolosale. Pafupifupi zonsezi zimayendera mathiranzisita ndi ma IC, chifukwa zimakhutira ndi batire la galimoto kapena kasola kamodzi padenga. Zikafa zimapita kwa okonza mawailesi ndi mafoni, anthu okhala pa benchi lodzaza ndi zipangizo zophwasula, chowotcherera kudzanja lamanja, mita kudzanja lamanzere. Ampu ya mavalavu ndi nkhani ina. Imalemera chifukwa cha mathiransifoma awiri, imadya magetsi ambiri n'kuwasandutsa kutentha, ndipo zipangizo zake sizigulitsidwa pa msika. Woifuna amachita kuphwasula wailesi yakale ya agogo, kapena kupempha mbale wake wa ku Joni kuti akamabwera amutengere mavalavu atawakulunga mu juzi.

Komatu valavu si mlendo kuno. Mawu oyamba a pa wailesi omwe midzi ya mbali ino idamva m'chiyankhulo chathu adadutsa m'mavalavu. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain idatulutsa kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, potsatira khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia. Bokosi lake lidali la aluminiyamu, lozungulira mofanana ndi sefuliya, lopakidwa utoto wabuluu, mkati muli mavalavu 4, mabowo atatchingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake udali mapaundi 5, batire padera. Nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkayankhula Chinyanja pamodzi ndi ziyankhulo zina, ndipo mawu ake ankafika ku Fort Jameson ndi ku Fort Manning, komwe lero timati Chipata ndi Mchinji. Gitala ya Alick Nkhata idalowa m'makutu a agogo athu kudzera m'timababu tagalasi timeneti.

Nako kupanga chida choyimbira ndi manja ako si kwachilendo kwa ife. Banjo ya chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi nsambo zosolola ku waya wa mabuleki a njinga idalera oyimba ambiri m'midzi muno. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano, kufupi ndi Chileka, adatchuka mpaka ku Ulaya ndi kwela yomwe besi yake idali ya nsambo imodzi, ndipo lero Madalitso Band ikuzungulira mayiko ndi babatoni yopanga okha. William Kamkwamba wa ku Kasungu, boma lochita malire ndi lathu, asanaimike makina ake amphepo mu 2002 adayamba ndi kuphwasula mawailesi kuti aone chomwe chimayankhula mkatimo. Ngakhale Leo Fender, yemwe dzina lake lili pa magitala otchuka padziko lonse, sadali woyimba gitala. Adali wokonza mawailesi. Adatsegula shopu yake ku Fullerton, California, mu 1938, ndipo oyimba ankamubweretsera zokuzira mawu zawo zikafa. Adaphunzira kupanga chifukwa choona kawirikawiri pomwe za anzake zimafera. Kaampu kake kotchedwa Champ, komwe kadayamba kutuluka mu 1948, ndi komwe opanga okha ambiri amayambira mpaka lero, chifukwa mtundu wake wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 uli ndi mavalavu 3 okha, 5Y3, 12AX7 ndi 6V6, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi mawati 5.

Kuti munthu afunse bwino, ayenera kudziwa njira yomwe mawu amadzera. Nsambo ya gitala ikagwedezeka pamwamba pa maginito okulungidwa ndi waya wowonda kwambiri, mumabadwa kamagetsi kochepetsetsa, kawirikawiri kosakwana ngakhale theka la voliti. Kameneka sikangasunthe sipika. Valavu ndi babu lagalasi lomwe adalipopamo mpweya wonse. Mkati mwake muli kachitsulo kotchedwa kathodi, komwe kakatenthedwa kamatulutsa maelekitironi, ndi puleti yomwe imawakoka chifukwa ili ndi mavoliti mazanamazana. John Ambrose Fleming adapanga valavu ya mbali ziwiri zimenezi mu 1904. Mu 1906 Lee de Forest adaikapo kasefa ka waya kotchedwa giridi, ndipo kukuza mawu kudabadwira pamenepo, pakuti kamagetsi kakang'ono pa giridi kamalamula magetsi aakulu opita ku puleti. Gitala siipatsa sipika mphamvu ayi. Imangouza mphamvu ya pakhoma mmene iyendere. Valavu ya 5Y3 imawongola magetsi kuti aziyenda mbali imodzi, makapasita amawasalaza, 12AX7 imakuza mawu kawiri motsatizana, 6V6 imawapatsa nyonga, ndipo thiransifoma yotsiriza imawatsitsa kuti sipika iwalandire.

Ampu ikayatsidwa siiyankha msanga. Kawaya ka mkati kamayamba kafiira pang'onopang'ono, kathodi n'kutentha, ndiyeno mawu n'kubwera. Aliyense amene adakulira pafupi ndi bwalo la gule amaidziwa nthawi yodikira imeneyi. Ng'oma imayamba yawambidwa pamoto wa udzu, woyimba akuigogoda ndi chala kumvetsera ngati chikopa chakungika, ndipo palibe amene amati ng'omayo ndi yakufa chifukwa siinalire isanaothe.

Koma pali china chomwe mmisiri amayamba waphunzitsa wophunzira ntchito asanamugwiritse ngakhale sikuludiraiva. Ampu yozimitsa si ampu yopanda nyesi. Makapasita aakulu atha kusunga mavoliti opitirira 300 pulagi itazulidwa kale kukhoma, ndipo nyesi yotero imaimitsa mtima. "Mphwanga, usakhulupirire swichi. Khulupirira mita." Choncho amayamba wakhetsa magetsiwo kudzera mu rezisita, n'kuyeza kuti atsimikize kuti atha, ndipo akamayeza ampu ili yoyaka dzanja limodzi limakhala m'thumba kuti nyesi isapeze njira yodutsa pachifuwa. Sayatsa sipika isanalumikizidwe, chifukwa thiransifoma yotsiriza ikasowa kotula mphamvu imadzipsereza yokha. Ndipo pa tsiku loyamba amadzeretsa magetsi olowa mu babu lakale lija la kawaya. Babulo likathwanima n'kuzirala, zinthu zili bwino. Likawala kwambiri osazirala, penapake mawaya agundana, ndipo babulo lamwa mphamvu yomwe ikadawotcha thiransifoma.

Tsono tinene kuti yayatsidwa, mavalavu afiira, nsambo zakhudzidwa, koma sipika ili zii. Apa mtima umathamanga, ndipo pakamwa pamatuluka mawu omwe amamveka pa benchi lililonse: "Yapsa valavu." Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Valavu ndi yomwe imaoneka. Yaima poyera, ndi yagalasi, ndi yakale, ndi yachilendo, ndiponso ndi yosavuta kuzula. Rezisita yobisala pansi pa bokosi palibe amene amaiganizira. Komatu pa ampu yopanga kumene, wolakwa kawirikawiri sakhala valavu. Amakhala waya wopita pa mwendo 8 m'malo mwa mwendo 7, poti miyendo ya soketi imawerengedwa mbali ina ukaiona chapansi ndi mbali ina ukaiona chapamwamba. Amakhala rezisita ya maomu 10,000 yomwe yakhala pamalo pa ya 100,000, pakuti ziwirizi zimasiyana kamzere kamodzi kokha, kena kaolenji kena kachikasu, ndipo pa kuwala kwa tochi mitundu imeneyi imanamiza. Amakhala jeki ya gitala yolumikizidwa mopotoza, moti mawu amatayikira m'chitsulo cha bokosi asanalowe n'komwe. Valavu yomwe yalowa mpweya imadziulula yokha, chifukwa kadontho konyezimira ka mkati mwa galasi kamasanduka koyera mbee. Ikakhala kuti siidatero, ndipo ina yodziwika kuti ndi yamoyo ikaikidwa pamalo pake osasintha kanthu, valavuyo ilibe mlandu.

Mmisiri wokhwima sayamba ndi dzina la wolakwa. Amayamba ndi mafunso otsatizana, lililonse lotseka njira imodzi. Kodi magetsi akulowa? Fyuzi ili moyo? Pa tiwaya totenthetsa pali mavoliti 6.3? Pa puleti ya 6V6 pali opitirira 300? Pa kathodi yake pali 18 kapena 20? Ngati pa kathodi pali ziro, valavuyo siikukoka magetsi, ndipo funso lotsatira ladziwika kale. Kenaka amayambira ku sipika n'kumabwerera m'mbuyo. Akakhudza giridi ya 6V6 ndi nsonga ya mita, sipika n'kuti thu, ndiye kuti kuchokera pamenepo kupita kutsogolo njira ili bwino. Amabwerera pang'ono, n'kukhudzanso. Pomwe kuyankha kwathera, vuto lili pakati pa pamenepo ndi pomwe padayankha komaliza. Bokosi lomwe lidali lokayikitsa lonse latsala kachigawo ka zipangizo zitatu kapena zinayi. Njira imeneyi siifuna nzeru zapadera. Imafuna kudziletsa, kuti munthu asalumphe funso chifukwa choti mtima wake wasankha kale yankho.

Vuto lina ndi losiyana ndi kukhala chete. Ampu ikulira, koma pansi pa nyimbo pali kung'ung'uza kosalekeza. Khutu losaphunzira limangomva phokoso, pomwe lophunzira limafunsa kuti phokosolo lili pa liwu liti. Magetsi a m'dziko muno, monganso a ku Zambia, ndi a mavoliti 230, ndipo amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Kung'ung'uza kwa 50 n'kwakuya, kufupi ndi G wa pa besi gitala, nsambo yaikulu itadindidwa pa fureti yachitatu. Kumeneku kumalowa kudzera m'mawaya otenthetsa omwe sadapotedwe pamodzi, kapena mathiransifoma oyandikana molakwika, kapena waya wa gitala wodutsa pafupi ndi wa magetsi. Koma magetsi akadutsa mu 5Y3 amagunda ka 100 pa sekondi, liwu lomwe lili kufupi ndi G wa pa gitala wamba, nsambo yaikulu pa fureti yachitatu yomweyo. Kumeneku kumaloza ku makapasita ouma ndi ukalamba kapena ochepa mphamvu. Mmisiri wodziwa kuyimba amatenga gitala n'kuyerekeza, ndipo asanamasule bawuti ngakhale imodzi wadziwa kale mbali yoyang'ana. Amazulanso 12AX7. Phokoso likatha, ndiye kuti likulowera koyambirira. Likatsala, lili kutsogolo. Nthawi zina ampu imakhala ilibe vuto n'komwe, wolakwa n'kukhala invata ya sola yomwe magetsi ake ndi okhakhala, ndipo ikayesedwa pa magetsi ena phokoso lonse limatha.

Pali choonadi chimodzi m'bokosi limeneli chomwe chimandikhudza kuposa zonse. Ampu siidziwa nyimbo. Chilichonse chomwe chafika pa giridi yoyamba imachikuza mofanana, kaya ndi liwu lokoma kaya ndi phokoso. Theka limodzi la 12AX7 limakuza ka 50 kapena kupitirirapo, theka lachiwiri n'kukuzanso zomwe lalandirazo, moti pofika ku sipika, kanthu komwe sikankamveka n'komwe kasanduka mkokomo. N'chifukwa chake cholakwika chaching'ono cha polowera chimaposa chachikulu cha kumapeto. Sipika ndi yomwe imafuula, koma imangonena zomwe yauzidwa, ndipo kuisintha n'kutaya ndalama. Mwana amene akuvuta m'kalasi, mnyamata amene wasanduka chidakwa pa msika, banja lomwe mkangano wake ukumveka mudzi wonse, zonsezi ndi mathero a njira yaitali. Chomwe chidalowa poyamba mwina chidali chochepa: mawu amodzi onyoza, njala ya chaka chimodzi, fizi yomwe idasowa teremu imodzi. Kulanga pomwe pakumveka phokoso n'kosavuta. Kubwerera m'mbuyo kufikira pomwe padalowera ndi ntchito, ndipo ndi ntchito yomwe amaichita okhawo amene akumufunira munthuyo moyo.

Nthawi zina ampu yatsopano ikangotentha imakuwa, kulira kobaya m'makutu, voliyumu ili pansi. Mu 1927 Harold Black wa ku Bell Laboratories adapeza kuti chokuzira mawu chimakhala chokhulupirika ngati kagawo ka mawu otuluka kabwezedwa m'mbuyo motsutsana ndi olowa. Ampu imadzimvera yokha n'kudziwongola. Champ ili ndi waya wotero, wochokera ku sipika kudzera mu rezisita n'kubwerera ku 12AX7. Koma mawaya awiri a thiransifoma yotsiriza akasinthanitsidwa, mawu obwererawo sabwera kudzatsutsa, amabwera kudzavomereza. Ampu imamva liwu lake, n'kulikuza, n'kulimvanso, mpaka nyimbo yonse kumira m'kukuwa. Palibe chipangizo chakufa m'menemo, chilichonse chili bwino pachokha, ndipo mankhwala ake ndi kusinthanitsa mawaya awiri basi. Mtsogoleri, m'busa kapena bambo wa pakhomo amene wazunguliridwa ndi ovomereza okhaokha sakula mphamvu, amangokuwa. Liwu la munthu limamveka bwino pokhapo pali wina wololedwa kumuuza kuti, "Apa mwapyola."

Lotopetsa kwambiri ndi vuto lobwera n'kupita. Ampu imalira bwino pa benchi, koma ikakwera kabaza pamsewu wa mabampu n'kufika kutchalitchi imayamba kuthetheka, kenaka zii, kenaka n'kubwereranso yokha. Mtovu womwe sudasungunuke mokwanira umagwira waya chapamwamba chabe. Kunja umaoneka bwino, mkati muli mng'alu womwe umatseguka chitsulo chikatentha. M'dzinja chinyontho chimachititsa dzimbiri miyendo ya soketi, m'chilimwe fumbi limalowa mu voliyumu, ndipo mphemvu zimakonda mabokosi ofunda. Chida cha vuto lotere ndi kamtengo kouma ka nsungwi, poti sikadutsa nyesi. Mmisiri amagogoda pang'onopang'ono polumikizira paliponse, ampu ili yoyaka, khutu lili ku sipika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo lake ndi limodzi: sintha chinthu chimodzi, yesa, lemba. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ngakhale ampu italira, sadziwa chomwe chaichiritsa, ndipo vutolo likadzabwerera adzayambiranso pachiyambi. Walipira, koma sadaphunzire.

Chopinga chachikulu cha wopanga yekha ndi maso ake. Akayang'ana mawaya saona zomwe zilipo. Amaona zomwe ankafuna kuti zikhalepo. Atha kuyang'ana mwendo wolakwika mobwerezabwereza n'kumauona wolondola, poti m'mutu mwake adaulumikiza bwino. Ochenjera amatenga pepala la mapu a mawaya ndi cholembera chofiira, n'kumachonga mzere uliwonse pokhapokha mita itatsimikiza kuti nsonga ziwirizo zagwirana. Ena amaisiya ampuyo igone, n'kudzaionanso m'mawa. Koma njira yachidule ndi yomwe imalemera pamtima, ndiyo kuitana mnzako. "Achimwene, tandionerani apa, maso anga atopa." Ndipo wobwerayo, amene sadapange nawo, amene alibe nayo chikondi kapena manyazi, amaloza ndi kamtengo n'kufunsa kuti, "Nanga waya uyu akupita kuti?" Sikuti ndi wanzeru kuposa mwiniwake. Kungoti iye akuona chinthu, pamene mwiniwake akuona cholinga chake.

Ndimalingalira zonsezi ndikaona mmene timafunira zifukwa za mavuto athu aakulu. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mvula ikadula chimanga chikumasula, mphezi ikagwa pakhomo, mtima wosweka umafuna dzina, ndipo umalifuna lero lomwe. Dzina lopezeka msanga limakhala la amene akuoneka, wokalamba, wokhala yekha, wosavuta kuzula: gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, mkamwini wochokera kutsidya kwa malire, mayi amene sadaone mwana. M'dziko muno okalamba amenyedwa, awotcheredwa nyumba, ena aphedwa kumene chifukwa cha liwu limodzi lotero, ngakhale lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Sindikupeputsa chisoni cha ofedwa. Chisoni chili ndi ufulu wofunsa kuti chachitika n'chiyani. Chomwe ndikukana ndi kulumpha mafunso. Mwanayo adayamba liti kutentha thupi? Adayezedwa malungo? Chitsime chatalikirana bwanji ndi chimbudzi? Kuchipatala adafika pa tsiku lachingati, ndipo chidachedwetsa n'chiyani, njinga, ndalama, kapena mtsinje wodzaza? Mafunso amenewa ndi ozizira, satonthoza pa usiku wa maliro, koma ndi okhawo omwe angapulumutse mwana wotsatira. Mudzi womwe wathamangitsa gogo umapuma poganiza kuti wathana nalo vuto, pamene chitsime chija chikadali pomwepo, ndipo chaka chamawa udzafunanso dzina lina.

Njira yofunsa motsatizanayi si yobwera ndi mita. Makolo athu adaiika pabwalo la milandu kalekale. Wodandaula amayankhula mpaka amalize, woyankha naye mpaka amalize, ankhoswe ndi mboni aliyense pa nthawi yake, ndipo nduna zimabwereza zomwe zamva mfumu isanagamule. Nkhani ikakanika amati igone, tidzaionenso. Bwalo limachedwa dala, chifukwa adadziwa kuti mtima wotentha umagamula mlandu usanaumve. Tikasiya bwalo n'kutenga miyala, sitikhala tabwerera ku chikhalidwe chathu, timakhala tachithawa.

Palinso nzeru ina yomwe benchi limaphunzitsa, ndiyo kudziwa chomwe si vuto. Rezisita wamba imaloledwa kusiyana ndi nambala yake ndi 5 kapena 10 pa 100 alionse, magetsi a pakhoma amakwera n'kutsika, ndipo mavalavu awiri a dzina limodzi sakoka mofanana. Mita ikaonetsa 340 pomwe pepala likuti 360, ampu siikudwala. Ndipo kukhakhala kwa mawu komwe kumabwera voliyumu ikakwezedwa, komwe akatswiri a magetsi ankakuyesa cholakwika, ndi komwe oyimba adakukonda. Thiranzisita idatulukira mu 1947, ndipo m'zaka zotsatira idachotsa valavu m'mawailesi, m'makompyuta ndi pafupifupi paliponse. Koma oyimba gitala adaikakamira valavu, chifukwa ikapanikizidwa siithyola mawu mwadzidzidzi, imawapinda pang'onopang'ono, ndipo chala cha woyimba chimamva kuti chikuyankhidwa. N'chifukwa chake mafakitale ochepa, monga JJ Electronic ku Slovakia ndi ina ya ku Saratov m'dziko la Russia, akupangabe mavalavu. Mmisiri wosasiyanitsa matenda ndi chibadwa amakonza mpaka kupha chomwe chimakometsa. Koma puleti ya 6V6 ikayamba kufiira psuu, pamenepo palibe kukambirana. Zimitsani, pakuti valavu ikudzidya yokha, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi kapasita yodontha yomwe ikuthira magetsi pa giridi. Kulolera ndi kulekerera n'zosiyana, ndipo chomwe chimazisiyanitsa ndi kuyeza.

Zipangizo zambiri zomwe zikulowa m'misika yathu lero n'zomata ndi guluu, zopanda mapu, zopangidwa kuti zikafa zitayidwe. Zoterezi siziyankha funso lililonse, ndipo mwini wake amangotsala ndi kudandaula ndi kugulanso. Ampu ya mavalavu, ngakhale ndi yolemera komanso yadyera pa magetsi, ili ndi ulemu uwu, kuti zake zonse zili poyera. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala, ndipo waya aliyense atha kutsatiridwa kuchokera pomwe wayambira kufikira pomwe wathera. Mnyamata kapena mtsikana amene wakhalapo pa benchi la wokonza n'kuona chinthu chakufa chikudzuka chifukwa choti wina adafunsa mafunso motsatizana, waphunzira chomwe sichidzamuchoka: kuti mavuto ali ndi zifukwa, kuti zifukwazo zimapezeka, ndi kuti kawirikawiri zimapezeka pamalo ena, osati pomwe aliyense akuloza.

Sikuti funso lililonse la moyo lili ndi mita yake. Pali imfa zomwe chifukwa chake sichidzadziwika, ndipo pamenepo chotsala ndi kulira pamodzi. Koma kusadziwa sikutipatsa chilolezo chosankha wolakwa. Mmisiri amene wayeza zonse osapeza kanthu amauza mwini ampu kuti, "Abambo, sindinalipeze, mundipatseko masiku," ndipo mawu amenewo ndi aulemu kuposa kuzula valavu yamoyo kuti kasitomala apite atakhutira. Anthu otere ndi omwe tikuwasowa m'mabanja, m'mipingo ndi m'mabwalo a milandu, olimba mtima kunena kuti sitinalipeze, komanso opirira kuti afunsebe. Valavu yozulidwa molakwika imabwezeredwa pa soketi yake n'kuyakanso. Munthu wozulidwa m'mudzi molakwika sabwezeredwa.